Mafomu a msonkho wa ku America: pa positi kapena pa intaneti?

Achemwali, funso lanu ndalimva motere: mwakhala mukuthandiza abale athu okhala kuno ku America kulemba mafomu a msonkho, tsopano anthu achuluka moti mwayamba kulipiritsa, koma ena mwa iwo, makamaka achikulire, akukana kuti mafomu awo adzere pa intaneti chifukwa mtima wawo umakhala m'malo akagwira pepala m'manja n'kukaliponya okha ku positi. Inenso ndimagwira ntchito yomweyi, ndipo ndiyankha mwatsatanetsatane chifukwa zinthu zikasokonekera, amene amavutika ndi munthu amene akudikira ndalama zobwezedwa kuti alipire lendi kapena atumize fizi ya ana kumudzi.

Mukangoyamba kulandira malipiro, nkhaniyi imachoka m'manja mwanu n'kulowa m'manja mwa lamulo. Aliyense wolembera anthu mafomu molipiritsa ayenera kukhala ndi nambala yomuzindikiritsa yotchedwa PTIN yochokera ku IRS (bungwe la boma lotolera msonkho), imene amaikonzanso chaka ndi chaka, ndipo ayenera kusaina ndi kulemba nambalayo pa fomu iliyonse imene wakonza. Kuwonjezera apo, kuyambira 2012 lamulo limati wolemba amene akuyembekezera kutumiza mafomu 11 kapena kuposerapo m'chaka chimodzi ayenera kuwatumiza pa intaneti, njira imene imatchedwa e-file. Anthu 11 si ambiri ayi, a kutchalitchi kwanu okha akhoza kukwana. Kuti muzitumiza pa e-file pamafunikanso nambala ina yotchedwa EFIN, ndipo IRS isanaipereke imayamba yafufuza mbiri yanu, mpaka kukujambulani zidindo za zala ngati si inu loya, CPA (akauntanti wovomerezeka) kapena enrolled agent (katswiri wa msonkho wovomerezedwa ndi IRS). Iwo eni amati kafukufukuyu angatenge masiku 45, choncho wopempha mu Febuluwale wachedwa kale.

Ngakhale lamuloli pakanapanda, ine ndikanasankhabe intaneti, ndipo chifukwa chake ndi ulendo umene pepala limayenda likachoka m'manja mwa mwini wake. Envulopu imakafika ku malo ngati Austin, Kansas City kapena Ogden, kumene imatsegulidwa n'kuikidwa pa mzere, ndipo mafomu ambiri amadikira kalaliki kuti alowetse manambala ake mu kompyuta. Nthawi ya mliri wa Covid mzere umenewu unatalika zoopsa, moti Erin Collins, mkulu wa ofesi yoimira olipira msonkho mkati mwa IRS, ananena kuti pakutha kwa Meyi 2022 mafomu a pepala oposa 20 miliyoni anali asanakhudzidwe. Zinthu zinasinthako, komabe IRS imati fomu ya pa e-file yopanda vuto kawirikawiri ndalama zake zimatuluka pasanathe masiku 21, pamene ya pepala imatenga masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Muwauziretu makasitomala amene akupempha Earned Income Tax Credit kapena Additional Child Tax Credit (ndalama zothandizira opeza zochepa ndi amene ali ndi ana) kuti zawo sizituluka pakati pa Febuluwale pasanafike, ngakhale mutatumiza tsiku loyamba, chifukwa lamulo limaletsa IRS kutero.

Koma chimene chimandikoka kwambiri si liwiro la ndalama, ndi nthawi imene cholakwika chimatenga kuti chidziwike. Tiyerekeze kuti dijiti imodzi pa nambala ya Social Security (nambala imene boma limazindikirira munthu) ya mwana yalembedwa molakwika, kapena mayi anakwatiwa n'kusintha dzina koma ku ofesi ya Social Security kudakali dzina lakale. Pa e-file, fomuyo imabwezedwa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, pamodzi ndi chizindikiro chonena pamene palakwika. Mumaimbira foni mwini wake, amakuwerengerani khadi, mumakonza n'kutumizanso. Ikakanidwa cha pa 15 Epulo, tsiku lomaliza lotumizira mafomu, koma inu munatumiza nthawi yake isanathe, muli ndi masiku asanu oti mukonze ndipo imawerengedwabe kuti inafika pa nthawi. Pa pepala, cholakwika chomwecho chimagona mu envulopu milungu yambiri, kenako munthu amalandira kalata imene saimvetsa, yomuuza kuti ndalama zake zachepetsedwa. Chimodzimodzinso fomu imene mwamuna wasaina koma mkazi waiwala, kapena imene W-2 yake (pepala la kuntchito loonetsa malipiro a chaka) yatsalira pa tebulo kunyumba.

Tsono za achikulire aja, musawaone ngati ovuta. Ambiri a ife tinakulira kumene kalata yopanda chidindo cha ofesi sinali kalata, ndipo chimene iwo akufuna kwenikweni ndi umboni woti boma lalandira. Pamenepa e-file ndiye imapereka umboni wamphamvu kuposa positi, bola muwaonetse. Ine ndimasindikiza fomu yonse, timakhala pansi n'kuiwerenga mzere ndi mzere, kenako munthu amasaina ndi cholembera pa Form 8879, imene imandiloleza kutumiza. Fomu imeneyi iyenera kusainidwa musanatumize, siipita ku IRS, ndipo mumaisunga zaka zitatu. IRS ikavomera, ndimasindikiza Form 9325 yoonetsa tsiku limene yalandiridwa ndi nambala yake, n'kuiika pamwamba pa mapepala ake mu fayilo yoti apite nayo kwawo. Munthu akaona dzina lake, tsiku ndi nambala zili pa pepala limene wanyamula, kawirikawiri mkangano umathera pomwepo.

Wina akakanitsitsa, ndi ufulu wake, ndipo lamulo linamusiyira mpata. Alembe ndi kusaina kalata yonena kuti wasankha yekha pepala ndiponso kuti akatumiza yekha, inu muphatikize Form 8948 yofotokoza chifukwa chimene fomuyo sinapite pa e-file, ndipo envulopuyo musakamuponyere ndinu. Muuzeni akalowe m'kati mwa positi ofesi, atumize pa certified mail n'kusunga lisiti lokhala ndi deti, pakuti ku America fomu yotumizidwa pa positi tsiku lomaliza lisanadutse imawerengedwa kuti yafika pa nthawi, koma popanda lisitilo palibe chimene angaonetse envulopu ikasowa.

Palinso nthawi zina pamene pepala silithawika, ndipo zimenezi zimagwera kwambiri anthu athu. Munthu amene sangapeze nambala ya Social Security ndipo akupempha ITIN (nambala ya msonkho yolowa m'malo mwake) koyamba amaphatikiza Form W-7 pa fomu yake ya msonkho ya pepala, n'kutumiza ku Austin pamodzi ndi pasipoti yeniyeni kapena kope lotsimikizidwa ndi ofesi imene inapereka pasipotiyo. Ine sindilimbikitsa munthu kuponya pasipoti yake yokhayo mu envulopu pamene angathe kupita kwa Certifying Acceptance Agent (munthu wovomerezedwa ndi IRS kutsimikizira zikalata) kapena ku ofesi ya IRS imene imaona zikalata zotere n'kumubwezera pomwepo. Wophunzira wa pa viza ya F-1 amene sanapeze ndalama iliyonse amatumiza Form 8843 yokha pa positi. Amene anadumpha zaka zambiri osalemba adziwenso kuti e-file imalandira chaka chino ndi zaka ziwiri za m'mbuyo basi, zotsalazo ndi za pepala, chaka chilichonse mu envulopu yakeyake.

Chenjezo limene ndikufuna mulimvetse ndi lakuti fomu ikavomerezedwa pa e-file sizitanthauza kuti ndi yolondola. Kompyuta imangoona ngati mayina ndi manambala zikugwirizana ndi zimene ili nazo. Wophunzira amene wangokhala kuno zaka ziwiri, yemwe amayenera kulemba fomu ya 1040-NR ya anthu osawerengedwa ngati okhazikika kuno, mukamulembera fomu wamba ya 1040 ikhoza kudutsa bwinobwino ndalama n'kubwera, koma mwamuyambitsira mlandu umene udzamupeze pambuyo pake ndi chiwongoladzanja. Mudzakumananso ndi anthu okuuzani kuti musavutike ndi PTIN ndi EFIN, mungogula pulogalamu ya m'sitolo n'kumatumiza ngati kuti munthu walemba yekha, kapena musindikize pepala osasainapo. IRS imachenjeza anthu chaka chilichonse za olemba otere, ndipo zikavuta kasitomala ndiye amatsala yekha ndi fomu yopanda dzina la amene anamulembera. Musalowe m'gulu limenelo ngakhale kwa chaka chimodzi.

Mukasankha e-file mwasenzanso udindo wosunga zinsinsi za anthu. Lamulo limafuna kuti wolemba mafomu molipiritsa akhale ndi ndondomeko yolembedwa ya mmene amatetezera zinsinsizo, ndipo Publication 4557 ya IRS imafotokoza zofunika. Chizolowezi chathu chojambula W-2 ndi makhadi a Social Security n'kutumizirana pa WhatsApp muchithetse msanga, chifukwa foni imodzi ikabedwa mabanja ambiri alowa m'mavuto. Alimbikitseninso makasitomala anu kutenga IP PIN, nambala ya madijiti asanu ndi imodzi imene IRS imapereka yatsopano chaka chilichonse, kuti wakuba asatumize fomu m'dzina lawo. Ndipo amene mapepala ake sanakwane pofika pa 15 Epulo, mutumizireni Form 4868 pa e-file kuti akhale ndi nthawi mpaka pa 15 Okutobala, koma mumuuze momveka kuti yawonjezedwa ndi nthawi yolemba fomu yokha, msonkho umene ali nawo ngongole ayenera kulipira mu Epulo momwemo.