Funsani Azakhali: Ndilongedze chiyani pa ulendo wa pa Ilala?

Azakhali, ine ndi bambo a kunyumba takwanitsa zaka 10 tili m'banja, ndiye mwezi wa July tikufuna tikakwere Ilala ku Monkey Bay mpaka ku Likoma. Sindinakwerepo sitima chibadwire. Ndagula kale madiresi awiri ndi nsapato za gogoda, ndipo mnzanga wandibwereka sutikesi yaikulu yamateyala. Chatsala n'chiyani?
Mayi wa ku Zomba

Mwanawe, ndakondwa nanu pa zaka 10 zimenezi, ndipo ulendo mwasankhawu ndi wabwino zedi. Ilala inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, anaibweretsa m'zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Agogo athu anaikwera, ifenso taikwera. Mwachizolowezi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, komabe mukafunse ku ofesi yawo sabata ya ulendo isanafike, ndipo ngati mukufuna chipinda chogona mulipiriretu chifukwa zipinda n'zochepa.

Chomwe ndikufuna mumvetsetse ndi ichi: July ndi nthawi ya mwera. Anthu ambiri akamva za kunyanja amangoganiza za kutentha kwa ku Mangochi, n'kunyamula zopyapyala zokhazokha. Ine ulendo wanga woyamba ndinagona pamwamba penipeni pa sitima, poyera. Masana kunali bwino, koma pakati pa usiku mphepo inkalowa mpaka m'mafupa. Pafupi nane panali mayi wina wa ku Chizumulu, atadzikulunga zitenje ziwiri, mwana ali pachifuwa, kumutu duku ndi chipewa cha ulusi pamwamba pake. Atandiona ndikunjenjemera anavula chitenje chimodzi n'kundifunditsa, osanena kanthu. Mpaka lero ndimamukumbukira. Choncho juzi yokhuthala, jekete yotchinga mphepo, masokosi ndi kabulangeti musasiye, ngakhale mutapeza chipinda, pakuti mudzafuna kutuluka usiku kukaona nyali za asodzi a usipa zili ngwee pamadzi ngati mudzi. Bambo nawonso muwalongedzere zofunda, asakukanizeni.

Zitenje tengani zitatu. Chimodzi chofunda, china choyala pokhala, china chokulunga mukanyowa.

Kunyowako kulipo ndithu. Si paliponse pamene sitima imakocheza pa doko. M'malo ena imaima pakuya, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono pamodzi ndi matumba a chimanga, malata ndi mabasiketi a nsomba, kenako n'kuponda m'madzi ofika m'mawondo, pena kupyola apo, kuti afike pamtunda. Pamenepo gogoda sangakuthandizeni, ndipo masitepe a m'sitima ndi achitsulo, otsetsereka, nthawi zina onyowa. Valani nsapato zafulati zogwira pansi, mutengenso patapata. Sutikesi ya mnzanuyo mubwezereni mwaulemu, mateyala sayenda pamchenga. Chikwama chobereka kumbuyo ndiye choyenera, kuti manja onse awiri akhale ogwirira. Foni, ndalama ndi chitupa cha unzika muziike m'kajumbo kolimba, mumange bwinobwino, zikhale pathupi panu.

Madiresi aja sindikukuletsani. Tengani imodzi, mukavale Lamulungu ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903. Mukachiona mudzadabwa kuti nyumba yaikulu chotere inamangidwa bwanji pa kachilumba. Kumeneko ndiye kojambulitsa chithunzi cha chikondwerero chanu.

Mafunde a mwera amagwedeza sitima, ndipo popeza ndinu mlendo pamadzi, mseru ndi chizungulire zikhoza kukupezani. Pitani ku famase mukafunse mankhwala a mseru wa paulendo. Amamwa sitima isananyamuke, osati mutayamba kale kusanza, ndipo ena amagonetsa. Ngati muli oyembekezera kapena mumamwa mankhwala ena tsiku ndi tsiku, muuzeni wa ku famaseyo. Musakwere ndi njala, musakhutenso zamafuta. Zikavuta khalani chapakati pa sitima, pamene pali mpweya, maso ali patali pamene nyanja yakumana ndi thambo.

Chakudya amagulitsa m'sitima momwemo, koma kamba wanu akhalepo: mtedza wokazinga, mbatata yophika, mabisiketi ndi madzi akumwa okwanira. Ndalama mutenge zogwira m'manja, zosinthasintha, chifukwa pakati pa nyanja netiweki imatha ndipo Mpamba kapena Airtel Money sizingadalirike nthawi zonse. Tochi, pawabanki, sopo, tishu, chipewa cha dzuwa ndi mafuta othamangitsa udzudzu zilowenso m'chikwama, malungo kunyanja sasowa.

Pasipoti musavutike nayo. Likoma yazunguliridwa ndi madzi a Mozambique koma ndi boma la m'Malawi momwe muno; pasipotiyo mudzaifuna pokhapokha ngati mukufuna kuwolokera ku Cobue, ku Mozambique. Ndipo tsiku lobwerera ku ntchito musaliike pafupi kwambiri ndi tsiku lofika, siyani limodzi lapadera, chifukwa sitima imayendera nyengo ndi katundu amene ikukweza. Mukabwerako mundilembere, ndimve kuti mwera unakulandirani bwanji.
Azakhali anu