"Italian required": akufuna nzika kapena chilankhulo?

Mtsikana wina wa ku Balaka, amene wakhoza MSCE ndi mapointi 14, wandilembera ali ndi nkhawa. Waona chidziwitso cha yunivesite ina ya ku Italy chonena kuti "open to non-Italian students", koma m'munsi mwake alembamonso "Italian B2 required". Funso lake ndi ili: "Nanga akufuna Mtaliyana kapena ayi? Bambo akuti ndisataye nthawi ndi mayunivesite a kuno, agulitsa dimba kuti tilipire munthu wina wotikonzera mapepala."

Makalata otere amabwera chaka ndi chaka zotsatira zikangotuluka, ndipo dimba kapena ng'ombe sizisowamo.

Mwanawe, chidziwitsocho sichikudzitsutsa. Ife timasiyanitsa Mtaliyana, Chitaliyana ndi chinthu cha ku Italy, koma Chingerezi chimagwiritsa ntchito liwu limodzi pa zonse zitatu. Ukaona "an Italian" kapena "Italians", akunena anthu. Likakhala patsogolo pa dzina, monga "Italian university" kapena "Italian citizen", likungofotokoza kuti chinthucho n'chakuti. Likaima lokha, kapena litsatane ndi mawu ngati "speak" ndi "taught in", ndiye chilankhulo. Choncho iwe akukulola ngati mlendo, koma akufuna Chitaliyana cha mlingo wa B2. Pa tanthauzo lililonse I wake amakhala wamkulu. Ukalemba ndi wamng'ono m'kalata yofunsira malo, wadzionetsa kale. Usalisokonezenso ndi "italic", zilembo zopendekera zija za pa kompyuta.

B2 si masewera. Milingo ilipo isanu ndi umodzi, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo B2 ndi wachinayi: munthu woti atha kumva phunziro lonse m'kalasi n'kulemba mayeso. "Buongiorno" ndi "grazie" zomwe unatola kwa ansembe ku parishi sizifikako. Umboni wake ndi satifiketi monga CILS ya ku Siena kapena CELI ya ku Perugia. Usadzinamize kuti uchipeza m'miyezi itatu pa foni.

Maphunziro a m'Chingerezi aliko ndithu, koma nawonso sakupulumutsa pa mapepala. Satifiketi yakunja amayamba aipima kaye, kudzera ku ofesi ya kazembe kapena ku bungwe la CIMEA. Kulembetsa kumayambira pa Universitaly, tsamba la pa intaneti la boma la Italy lofunsirapo malo m'mayunivesite, ndipo kazembe wa Italy amene amaona za Malawi amakhala ku Lusaka. Pofuna viza uyenera kuonetsa kuti uli ndi ndalama zodzisamalira chaka chonse. Dimba limodzi silingakwanitse zimenezo.

Inu bambo, apa ndilankhule nanu. Munaona zabwino zimene Ataliyana achita ku Balaka, ndipo simukulakwa kumufunira mwana zomwezo. Koma mukumukankha pa njira imene inuyo simunaifufuze, mpaka kumuletsa kufunsira malo kwawo kuno. Zimenezi zimandipweteka mtima. Kulembetsa pa Universitaly mwana atha kuchita yekha. Nanga munthu wanuyo mukumulipira chiyani? Mufunseni dzina la yunivesite, mulembere yunivesiteyo nokha. Akayamba kuzemba, dziwani kuti ndi dobadoba.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yoti uyambe digiri kuno. Mapointi 14 si ochepa mphamvu. Funsira malo kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite kuno, usankhe mwanzeru pakati pa UNIMA, MUBAS, MUST, LUANAR, Mzuni ndi KUHeS, osangothamangira maphunziro amene aliyense akulimbirana. Zaka za digiriyo uziphunzira Chitaliyana pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, ngakhale theka la ola. Ukamaliza, Italy idzakhala ilipobe. Digiri yachiwiri kumeneko, imene amaitcha laurea magistrale, imatenga zaka ziwiri, zambiri zimaphunzitsidwa m'Chingerezi ku Bologna, Padova ndi Milan, ndipo thandizo la boma la Italy kwa alendo limapita makamaka kwa a digiri yachiwiri ndi a PhD. Udzapita uli wamkulu, uli ndi pepala limene likhoza kukupatsa ntchito ngakhale utabwerera.

Chandikondweretsa n'chakuti unawerenga chidziwitsocho mpaka m'munsi n'kufunsa, pamene anzako ambiri amangoona chithunzi cha Rome n'kuyamba kutsanzika. Tsopano khala pansi ndi bambo, uwawerengere yankho ili, ndipo fomu ya NCHE udzaze nthawi yake isanathe.