Chimene chinakhuthula tauni ya Cairo ku Illinois

Achimwene, mwafunsa kuti zatheka bwanji kuti Cairo wa ku Illinois m'dziko la America, tauni imene ili pomwe mtsinje wa Ohio umathira mu Mississippi, ikhale ndi anthu osakwana 2,000, ndipo mukuganizira madzi osefukira. Madziwo ali ndi mlandu wawo ndithu, koma chachikulu n'chakuti katundu ndi anthu apaulendo anasiya kuima pamenepo.

Cairo ili kumapeto kwenikweni kwa Illinois chakum'mwera, pa kamtunda kosongoka. Kumadzulo kuli Mississippi, tsidya lake ndi Missouri; kum'mawa kuli Ohio, tsidya lake ndi Kentucky. Dera limeneli ndiye lotsika kuposa lina lililonse m'chigawo chonsecho, n'chifukwa chake tauni yonse inazingidwa ndi madaiki. Kumbali ya Ohio kuli khoma la konkire lotchinga madzi mpaka mafiti 64 pa muyeso wa mtsinje, ndipo kumpoto msewu umalowa podutsa kunsi kwa chitunda cha njanji, pomwe mu 1914 anaikapo chitseko chachitsulo choti azitsitsa zinthu zikavuta.

Kutchinga koteroko kumasandutsa tauni kukhala ngati beseni. Mvula ikagwa mitsinje ili yodzaza, madzi a mkati alibe kotulukira, ndiye amadalira mapampu kuti awaponye kunja. Vuto lina ndi la pansi. Dothi la kumeneko ndi mchenga wa mtsinje, choncho madzi amayenda kunsi kwa daiki n'kukatumphukira mkati mwa tauni. Akamatuluka oyera palibe choopsa kwenikweni, koma akayamba kutuluka ndi mchenga ndiye kuti akukumba daiki kunsi kwake. Sayesa kutseka kasupe wotere, chifukwa angakaphulikire pena. Amamuzinga ndi matumba a mchenga kuti madzi akwere mkati mwa mpandawo, liwiro lichepe, mchenga usiye kutuluka. Madzi apansi omwewa ndi amene amachititsa kuti misewu ina ya m'tauni izititimira.

Anayesa kumanga tauni mu 1818, zinakanika. Mu 1837 Darius Holbrook anayambanso ndi ndalama zongongola ku London, koma pofika 1840 zinagwanso. Tauni inadzakhazikika njanji ya Illinois Central itafika chapakati pa zaka za m'ma 1850. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, mkulu wa asilikali a kumpoto Ulysses S. Grant anakhazikitsa likulu lake ku Cairo mu September 1861, ndipo pansonga pa mtunda panali linga la Fort Defiance. Nthawi yomweyo akapolo ambiri othawa kum'mwera anafikira kumeneko, ena n'kukhazikika. Gwero la anthu akuda a ku Cairo ndi limenelo, ndipo lero ndiwo ochuluka m'tauniyi.

Ndalama za Cairo zinkachokera pa kutsitsa ndi kukweza. Sitima ya pamtunda ikafika, mabogi ankawoloka pa pantoni. Sitima za pamadzi zinkaima kutenga malasha ndi chakudya, katundu ankasamutsidwa kuchoka m'chombo kupita pa njanji, ndipo mahotela, mabanki ndi nyumba zosungira katundu zinkadya pomwepo. Mukaona nyumba ya kasitomu yomalizidwa mu 1872 kapena nyumba yaikulu ya Magnolia Manor, mudziwa kuti ndalama inalipo. Kalembera wa 1860 anapeza anthu 2,188, ndipo wa 1920 anapeza 15,203. Chiwerengero sichinapitirirepo pamenepo.

Kenako milatho inayamba kudya ntchitozo umodzi umodzi. Wa njanji wodutsa Ohio unatha mu 1889, wina wa njanji unatsegulidwa ku Thebes pa Mississippi mu 1905 n'kupatutsa sitima zambiri. Wa magalimoto wopita ku Missouri unabwera mu 1929, wopita ku Kentucky mu 1937, ndipo iwiriyi imakumana kum'mwera kwa tauni, moti woyendetsa galimoto angathe kuchoka ku Kentucky kukafika ku Missouri osaponda msewu wa masitolo. Mu 1978 mlatho wa msewu waukulu wa Interstate 57 unalambalala tauni chakumpoto. Pamadzi napo zinasintha: maboti a dizilo okankha zombo za katundu safuna kuima kutenga malasha. Katundu wodutsa pa Cairo akadali wambiri zedi, ndipo zombo amazimanga pamodzi mwatsopano pafupi pomwepo, poti kumtunda boti limakankha zombo 15 chifukwa cha zipata za madamu, pamene kumunsi kulibe madamu ndipo limakankha 30 kapena kuposa. Koma ntchito imeneyo imafuna anthu ochepa, ndipo imachitikira pamadzi.

Tsankho linamalizitsa zotsalazo, ndipo nkhani ya Cairo yosatchula zimenezi ndi yoperewera. Mu November 1909 gulu la azungu linapha William James, munthu wakuda, poyera pakati pa tauni. Mu July 1967 msilikali wakuda wa zaka 19, Robert Hunt, anafera m'manja mwa apolisi; iwo anati wadzimangirira, anthu akuda sanakhulupirire, ndipo kunabuka zipolowe. Kuyambira 1969 gulu la United Front, lotsogoleredwa ndi m'busa Charles Koen, linanyanyala kugula m'masitolo a azungu amene ankakana kulemba ntchito anthu akuda. Eni masitolo ambiri anasankha kutseka n'kusamuka m'malo mogonja. Mu 1960 munali anthu 9,348, pofika 1970 anatsala 6,277.

Za madzi zija, chaka choopsa chinali 2011. Pa 2 May muyeso wa Ohio unafika mafiti 61.72, kupitirira mafiti 59.5 a mu 1937, anthu atawalamula kale kuti atuluke m'tauni. Usiku womwewo akatswiri a US Army Corps of Engineers anaphulitsa daiki ya Birds Point tsidya la Missouri, madzi n'kumiza minda ya maekala pafupifupi 130,000 kuti mtsinje utsike. Chigawo cha Missouri chinayesa kuletsa zimenezi kukhoti, chinalephera. Khoma la Cairo silinagonje.

Chimene chinachotsa anthu ambiri posachedwapa ndi nyumba. Mu 2017 boma la America linalengeza kuti litseka nyumba zake za anthu osauka za Elmwood ndi McBride chifukwa zinali zitawonongeka mosakonzeka, ndipo popeza m'tauni munalibe nyumba zina zokwanira, mabanja ambiri anakakhala kwina. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 2,831, wa 2020 anapeza 1,733. Boma la Alexander, limene likulu lake ndi Cairo, linataya anthu oposa gawo limodzi mwa magawo atatu pa zaka 10 zimenezo, ndipo palibe boma lina mu America yense limene linatsika chotero.