Yankho kwa amene afunsa za sitima ya matanga yotchedwa Sea Cloud

Achimwene a ku Ulongwe, mwaika chithunzi cha sitima yoyera ya milongoti inayi n'kufunsa ngati ndi yeniyeni kapena ndi zojambula pa kompyuta, ndiponso ngati chombo chotere chingakwere Zambezi mpaka kudzaima pa Tete. Ine ndimawotcherera maboti a kapenta kufupi ndi Songo, choncho nkhani ya chitsulo chokhalitsa m'madzi imandikhudza tsiku ndi tsiku, ndipo mundilole ndiyankhe motalikirapo.

Sitimayo ndi yeniyeni, ndipo dzina lake ndi Sea Cloud. Inamangidwa mu 1931 mumzinda wa Kiel ku Germany, pamalo omangira zombo a kampani ya Krupp, kutanthauza kuti ndi yaikulu kwa Ilala ya panyanja ya Malawi ndi zaka 20, poti Ilala inayamba kuyenda mu 1951. Eni ake oyamba anali banja lolemera kwambiri la ku America, mayi Marjorie Merriweather Post, amene analandira kuchokera kwa bambo ake kampani yopanga zakudya, ndi mwamuna wake E. F. Hutton. Poyamba inkatchedwa Hussar, ndipo sinamangidwe kuti izinyamula katundu kapena anthu olipira, koma kuti ikhale nyumba ya banja limodzi yoyandama pamadzi. Ukwati wawo utatha mu 1935, sitimayo inatsala m'manja mwa mayiyo, ndipo ndi iye amene anaipatsa dzina limene ikudziwika nalo lero. Atakwatiwanso ndi Joseph Davies, yemwe anakhala kazembe wa America ku Soviet Union, sitimayo inakafika mpaka ku Leningrad, kumene ankalandiriramo alendo aulemu.

Kamangidwe kake ndi kamene ndikufuna muyang'anitsitse pachithunzi chanucho. Kuchokera kunsonga ya mtengo wotulukira kutsogolo kukafika kumbuyo ndi mamita 109 ndi theka, ngati mulitali mwa bwalo la mpira, koma mulifupi mwake ndi pafupifupi mamita 15 okha, chifukwa chombo choyenda ndi mphepo chimafuna thupi lalitali ndi lowonda kuti chizing'amba madzi mosavuta. Thupi lake ndi lachitsulo. Mlongoti wautali koposa umafika pafupifupi mamita 54. Milongoti itatu yakutsogolo ili ndi mitanda yopingasa, ndipo pamitandapo ndi pamene amapachika matanga a makona anayi, amene amakoka mwamphamvu mphepo ikamachokera kumbuyo. Mlongoti wachinayi ulibe mitanda yotero. Matanga ake amatambasuka motsata utali wa sitimayo, ndipo amathandiza woyendetsa kuiwongola mphepo ikamawomba cham'mbali. Matanga onse ndi pafupifupi 30, ndipo mutawayala pansi angaphimbe masikweya mita 3,000, omwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a hekitala. Inu a ku Angónia yerekezani dimba la kachewere la msinkhu umenewo litasanduka nsalu, n'kupachikidwa m'mwamba.

Chimene chimandigwira mtima koposa n'chakuti matanga amenewa amatambasulidwa ndi manja a anthu. Amalinyero, mawu amene tinawatenga kwa Apwitikizi, amakwera pamakwerero a zingwe, n'kuponda chingwe chimodzi chimene chimalendewera kunsi kwa mtanda, mimba ataitsamiritsa pamtandapo, ndipo amamasula mfundo imodziimodzi pamene anzawo ali pansi akukoka zingwe motsatira mawu a kapitawo wawo. Ntchitoyi imatenga pafupifupi ola lathunthu. Chingwe chilichonse chili ndi dzina lake ndi chikhomo chake chomangapo, ndipo mmalinyero ayenera kuchipeza ngakhale mumdima. Injini ilimo ndithu, ndipo inalimo kuyambira pachiyambi, yothandiza polowa padoko ndiponso mphepo ikaleka, koma amene ankalipira ndalama zambiri kuti akwere ankafuna nthawi ija injini ikazimitsidwa, pomwe chimamveka ndi madzi okha ndi kulira kwa zingwe.

M'kati mwake ndi nkhani ina. Mayi Post anakonza yekha maonekedwe a zipinda, ndipo chipinda chake chili ndi poyatsira moto pa mwala wosalala wa mabo, ndi mipope ya m'bafa yokutidwa ndi golide, youmbidwa ngati mbalame za khosi lalitali. Zipinda zakalezi zinasungidwa, ndipo zina zinawonjezeredwa pamwamba pambuyo pake, kotero kuti zonse zinakwana 32, zogona alendo 64, pamene ogwira ntchito anali pafupifupi 60. Apa mukhoza kuona chifukwa chake mtengo wa ulendo unali wokwera: pafupifupi mlendo aliyense anali ndi wantchito mmodzi, pamene sitima zikuluzikulu za alendo zimanyamula anthu masauzande nthawi imodzi.

Sikuti zaka zake zonse zinali za ulemerero. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, eni ake anaibwereketsa ku boma la America pa dola imodzi pachaka. Asilikali anachotsa milongoti ndi chiwombankhanga chagolide chimene chili kumphuno kwake, anaipaka utoto wotuwa, anaikamo mfuti, ndipo inkayendayenda kumpoto kwa nyanja ya Atlantic kuyeza nyengo n'kumatumiza uthenga kumtunda. Pa nthawi imeneyi panachitika chinthu chimene kwa ine chimaposa golide wa m'bafa uja. Mkulu wa sitimayo, Carlton Skinner, anapempha kuti anthu akuda azigwira ntchito zonse za m'sitima limodzi ndi azungu, pa nthawi imene ambiri mwa iwo ankangopatsidwa ntchito yophika ndi yoperekera zakudya. Pempho lake linaloledwa, moti ena mwa akuda anali maofesala, onse ankadya ndi kugona malo amodzi, ndipo sitimayo inagwira ntchito yake bwino lomwe. Katswiri wojambula zithunzi Jacob Lawrence anali mmodzi mwa iwo.

Nkhondo itatha milongoti inabwezeretsedwa, koma kusamalira chombo chotere kunakhala katundu wolemera ngakhale kwa mwini chuma, ndipo mu 1955 inapita kwa Rafael Trujillo, wolamulira wankhanza wa dziko la Dominican Republic, amene anaitcha Angelita, dzina la mwana wake wamkazi. Iye ataphedwa mu 1961, abale ake anaikamo mtembo wake pamodzi ndi chuma n'kuiuza kuti iloze ku Ulaya, koma boma linaibweza ili pakati pa nyanja. Inasinthanso mayina kawiri, Patria kenako Antarna, mpaka inakaima padoko la Colón ku Panama kwa zaka pafupifupi 8 osayenda.

Zaka 8 zimenezo ndi zimene ine ndimaziganizira kwambiri. Boti la kapenta likangokhala nyengo ziwiri za dzinja osapakidwa utoto, ndikaligogoda ndi nyundo dzimbiri limagwa ngati makungwa a mtengo wouma, ndipo pena chala chimalowa pamene panali chitsulo. Amenewotu ndi madzi a Cahora Bassa, opanda mchere. Sitimayi inakhala m'madzi a mchere, m'dziko lotentha ndi lachinyontho, komabe mu 1978, pamene woyendetsa zombo wa ku Germany, Hartmut Paschburg, anaigula pamodzi ndi amalonda a ku Hamburg, anatha kuikonza n'kuwoloka nayo Atlantic. Umenewu ndi umboni wa ntchito ya amisiri a mu 1931, ndipo ndimawapatsa ulemu monga mmisiri mnzawo. Inakonzedwa mokwanira ku Kiel komwe inabadwira, ndipo mu 1979 inayamba kunyamula alendo olipira, kuzilumba za Caribbean m'miyezi imene ku Ulaya kumazizira, ndi panyanja ya Mediterranean kukafunda. Eni ake anamanganso zina ziwiri ku Spain, Sea Cloud II mu 2001 ndi Sea Cloud Spirit mu 2021.

Tsono za kufika pa Tete, yankho ndi lakuti singathe. Thupi lake limamira pafupifupi mamita 5 m'madzi, kuti mphepo ikakankha matanga isaigubuduze, pamene Zambezi m'chilimwe amadzaza ndi michenga moti malo ena ngakhale bwato limakhula pansi. David Livingstone mu 1858 anavutika ndi michenga yomweyi pa kasitima kake kakang'ono ka nthunzi, Ma Robert, ndipo atadutsa Tete anakaimitsidwa ndi mathithi a Cahora Bassa, pamene pali damu lero. Ngakhale madzi atakhala akuya, mlongoti wa mamita 54 sungadutse kunsi kwa mlatho wa ku Caia kapena wa Dona Ana, ndipo ulendo wake ungathere kumeneko, mlatho wa Samora Machel isanauone n'komwe.