Yankho kwa Bambo amene mphepo yawasasulira ma shingle padenga

Bambo, pepani kwambiri ndi zimene zakuchitikiranizo. Mwalemba kuti mphepo ya sabata yatha yasasula ma shingle atatu (timapepala ta phula tofolerera denga) panyumba imene munagula ku Indiana, ku America, ndipo mukufunsa ngati mungakonze nokha kapena muitane amisiri. Ine ndinakonzapo denga langa kawiri, ndipo ndikuona kuti ma shingle atatu mungawakwanitse, malinga ngati dengalo si lotsetsereka kwambiri komanso silinakalambe.

Musanakwere, lowani ndi tochi m'chipinda cha pansi pa denga kuti muone ngati matabwa anyowa kapena afumbwa, chifukwa thabwa lofumbwa siligwira msomali ndipo ntchito yotero ndi ya amisiri. Yang'ananinso m'ngalande zolandira madzi a padenga. Mukapezamo timiyala tambiri tochoka pa ma shingle, dziwani kuti denga latopa, pakuti timiyalato ndi timene timateteza phula ku dzuwa. Ma shingle amtundu wa three-tab (odulidwa zigawo zitatu cha kumunsi kwake) kawirikawiri amatha zaka 15 mpaka 20. Jambulaninso zithunzi musanakhudze chilichonse, mwina a inshuwalansi adzazifuna.

Chimene ndikufuna kuti mumvetsetse ndi chakuti shingle sakhomedwa ngati malata a kwathu, amene msomali wake umaonekera pamwamba. Pano msomali uliwonse umabisika pansi pa mzere wotsatira, ndipo shingle mmodzi amagwiridwa ndi misomali yake inayi pamodzi ndi misomali ya mzere wa pamwamba pake, imene imaboola m'mphepete mwake mwa kumtunda. Kuwonjezera apo, pali kamzere ka phula kamene kamafewa ndi dzuwa n'kumatiriza mizere iwiriyo. Nchifukwa chake wowonongekayo sasololedwa mwamphamvu. Tengani chitsulo chophwatalala chotchedwa flat bar, muchilowetse pang'onopang'ono pansi pa mzere wa pamwamba mpaka phula litamatuka, ndipo muchite chimodzimodzi pa mzere wachiwiri pamwamba pake. Kenako zulani misomali yonse imene ikumugwira, ndipo mudzaona kuti akutuluka yekha mosavuta. Lowetsani watsopano, mumulinganize ndi anzake a m'mbali, mukhome misomali inayi yosachita dzimbiri pamalo amene opanga anaonetsa, kenako mubwezere misomali ya mzere wa pamwamba ija ndi kutseka mabowo akale ndi phula lomatira denga lotchedwa roofing cement. Mutu wa msomali ugone bwino pa shingle koma usamire, chifukwa ukamira umang'amba. Pomaliza ikani timadontho ta roofing cement, tokula ngati ndalama yachitsulo ya ku America ya quarter, pansi pa mbali zonse zimene munatukula, n'kudinikiza ndi dzanja. Musachulutse, popeza wochuluka amatupitsa shingle.

Nkhani ya nyengo musaipeputse. Ulendo woyamba ndinakwera m'mawa kukuzizira, ndipo nditangotukula shingle wabwinobwino ndinamva kuti thyo, wathyokera m'manja mwanga ngati bisiketi, moti m'malo mosintha awiri ndinasintha asanu. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 40 a Fahrenheit (pafupifupi madigiri 4 a Celsius) ma shingle amauma gwa ndipo phula silimata, pamene dzuwa likaswa mtengo amafewa kwambiri ndipo nsapato zimakokolola timiyala. Sankhani tsiku lofunda pang'ono, denga litauma, kopanda mphepo.

Pogula, nyamulani chidutswa cha wowonongekayo kuti akupatseni ofanana mtundu ndi kukula kwake. Mtolo umodzi ukukwanirani, ndipo otsalawo muwasunge. Atsopano adzaoneka osiyanako ndi akale amene anasuluka ndi dzuwa, koma zimenezo siziletsa denga kugwira ntchito. Muli pamwambapo, onaninso mphira wozungulira mapaipi otulukira padenga ndi malata a m'mbali mwa chumuni, pakuti madenga ambiri amadontha pamenepo.

Za makwerero ndikupemphani mwapadera, chifukwa muli ndi banja limene likukudalirani. Apitirire m'mphepete mwa denga ndi mafiti atatu, aime pamalo olimba, ndipo pansi pakhale munthu wowagwira. Ngati nyumbayo ndi yosanja, kapena mukaimirira padengapo miyendo ikunjenjemera, tsikani ndipo muitane mmisiri wokhala ndi inshuwalansi, makamaka wodziwika m'dera lanulo, osati ongogogoda pakhomo mphepo ikangodutsa. Poyembekezera iyeyo, malo osasukawo aphimbidwe ndi lona mvula isanabwere.