Funsani Azakhali: Ndikufuna kumaimira odwala matenda a m'maganizo, ndiyambire pati?

Azakhali, ine ndine mtsikana wa ku Mtendere, ndimagulitsa salaula koma Lachitatu ndi Lachisanu ndimakhala ndilibe zochita zambiri. Mlongo wanga anadwalapo matenda a m'maganizo, pano ali bwino amamwa mankhwala, ndiye nthawi yomwe ndinkamuperekeza ku review ndinkaona anthu ena alibe owayankhulira, amangovomera chilichonse. Ndikufuna kuthandiza mwaulere koma sindine nesi, sukulu ndinalekezera giredi 12. Zingatheke?
Mwana wanu wa ku Mtendere

Mwana wanga, zitheka, ndipo pepala la unesi silikufunika apa chifukwa sukukapereka mankhwala. Koma tiyambe takonza kaye mawu ako akuti kuwayankhulira, chifukwa ambiri a mtima wabwino amagwera pomwepo, amafika ndi maganizo awo okonzakonza kale nkuyamba kumusankhira munthu zochita ngati kamwana. Ntchito yako ndi yoti zimene mwiniwake akufuna zimveke, ngakhale iweyo usakugwirizana nazo, ngakhale amalume ake akalipe.

Tiyerekeze bambo wina akumwa haloperidol, mankhwala a matenda a m'maganizo, ndiye chifukwa cha mankhwalawo khosi lauma, manja akunjenjemera, malovu akutuluka ndipo akuchita manyazi kukwera minibasi. Pabenchi podikira kuchipatala paja mukhale limodzi, umufunse zimene akufuna kukanena, mulembe pakapepala, zitatu zokwana. Mukalowa, a kiliniko ofesala akhoza kuyang'ana iweyo nkufunsa kuti akugona bwanji awa, iwe usayankhe, tembenukira kwa bamboyo unene kuti afotokoze okha ali pompano. Akaiwala za khosi lija umukumbutse za pakapepala. Zimenezi zimakonzeka, nthawi zina amachepetsa dozi kapena kuwonjezera kamankhwala kena koletsa kuuma, koma pokhapokha achipatala atamva, apo ayi munthu amangosiya kumwa mwakachetechete nkudwalanso. Iweyo usadzayerekeze kumuuza kuti asiye mankhwala, zimenezo ndi za adokotala ndi mwiniwake.

Lamulo ulidziweko pang'ono. Zambia ili ndi Mental Health Act ya 2019 imene inalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, lija linkatchula odwala ndi mayina achipongwe mpaka High Court mu 2017 inagamula kuti mawu amenewo ndi osemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, pamlandu umene anakasuma ndi anthu odwala eni ake. Lamulo latsopanoli nalo silinakhutiritse onse, mabungwe a anthu olumala amadandaula ndi gawo 4 loti munthu akhoza kulandidwa mphamvu yodzisankhira zinthu akaonedwa kuti mutu sukuyenda bwino, ndiye ukamva achibale akuti tamusainira kale, funsa mwaulemu ngati mwiniwakeyo anafunsidwa.

Poyambira, usangotulukira pageti la chipatala cha matenda a m'maganizo cha Chainama pa Great East Road uko nkumati ndabwera kudzathandiza, sangakulole kulowa m'mawodi ndipo akulondola, odwala si oti aliyense azingowaona. Pita ku Mental Health Users Network of Zambia, bungwe la anthu amene anadutsamo okha m'matendawa, kapena ku Disability Rights Watch, bungwe loona za ufulu wa anthu olumala, ukafunse ngati akulandira mavolontiya komanso ngati pali maphunziro. Kukiliniki ya kwanu komweko funsanso nesi woona za matenda a m'maganizo.

Chinsinsi ndiye usasewere nacho, nkhani ya munthu isapezeke pagulupu ya WhatsApp ya kutchalitchi ati tikumupempherera, ayi ndithu. Pokhapo akakuuza kuti akufuna kudzipha kapena kuvulaza wina, muuze poyera kuti izi sindingasunge ndekha, mupite limodzi kwa achipatala tsiku lomwelo.

Za ndalama usayembekezere, mwina ya thiransipoti nthawi zina, ndiye salaula yako usaitseke, ndipo yamba ndi munthu mmodzi kapena awiri. Mlongo wako yekha usamutenge ngati woyamba, pachibale nkovuta kusiyanitsa zofuna zake ndi mantha ako, ameneyo akamupezere wina kubungweko.
Azakhali