Kampani yaikulu ikufuna kutenga triathlon yanu ku Kasungu

Achimwene, dzina la mpikisano wanu wa triathlon, wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, musagulitse. Abwerekeni kwa zaka ziwiri kapena zitatu pa pangano lolembedwa, ndipo akadzaleka, dzinalo libwerere ku komiti yanu.

Makampani otere akalowa, ndalama yolembetsera imakwera. Nthawi zina amachotsanso mtunda waufupi uja wa mamita 750 posambira, makilomita 20 panjinga ndi 5 pothamanga, ati subweretsa phindu. Zikatero anyamata a kabaza a ku Santhe ndi Chinkhoma atsala kunja, pomwe mpikisanowu unakula ndi iwowa. Choncho mulembe m'panganomo kuti mtundawu ukhalebe, eni dera azilipira zochepa, ndipo njinga wamba zikhale ndi gulu lakelake.

Inshuwalansi, ambulansi ndi mabwato opulumutsira osambira alipire a kampaniwo, chifukwa ndi zimene zimadya ndalama. Musasaine loya asanawerenge panganolo. Za likodzo m'damu losambiramo, funsani a zaumoyo apime kaye madziwo.